Kunenepa, BP ndi Shuga: Mavitamini Amene Thupi Limasowa

Metabolic syndrome ndi mavuto angapo opezeka pamodzi mwa munthu mmodzi: kukula mimba, BP yokwera, shuga wambiri m'magazi, mafuta ochuluka m'magazi ndi kuchepa kwa mafuta abwino otchedwa HDL. Madokotala ambiri amati munthu ali ndi vutoli akapezeka ndi atatu mwa asanuwa. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2017 anapeza kuti ku Zambia pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu ali ndi BP yokwera, ndipo 9 mwa 10 sadya masamba ndi zipatso zokwanira. Munthu wonenepa amaoneka wodya bwino, komabe thupi lake likhoza kukhala likusowa mavitamini.

Chifukwa choyamba ndi zakudya. M'boma la Lundazi ku Zambia chakudya chenicheni ndi nsima. Pokonza ufa woyera, chimanga amachikonola, gaga n'kupatsa nkhuku ndi nkhumba, kenako mphale amainyika m'madzi masiku angapo. Mavitamini B1 ndi B3 ambiri amapita ndi gaga ndi madziwo. Ufa wa breakfast wa m'sitolo nawonso ndi wochotsedwa gaga, pamene mgaiwa amasunga zambiri. Soda kapena chidulo chimene amathira mu therere ndi m'nkhwani kuti zifewe msanga chimawononga B1 ndi vitamini C.

Chachiwiri ndi thupi lenilenilo. Vitamini D amapangidwa khungu likawombedwa ndi dzuwa, koma mwa munthu wonenepa wambiri amakasungidwa m'mafuta a thupi, ndipo woyenda m'magazi amachepa. Ogwira ntchito mu ofesi kapena m'sitolo pa boma ali pangozi kuposa alimi. Odwala shuga amataya B1 wambiri m'mkodzo.

Chachitatu ndi mankhwala. Metformin, amene zipatala zimapereka kawirikawiri kwa odwala shuga, amachepetsa vitamini B12 wolowa m'thupi kuchokera m'matumbo, makamaka akamwedwa zaka zambiri. Wosowa B12 amamva dzanzi ndi kuyaka kumapazi, amatopa msanga, magazi n'kuchepa. Shuga nayenso amabweretsa dzanzi lomwelo, choncho kusowaku kumatha kubisika mpaka mitsempha itawonongeka. Mankhwala okodzetsa monga furosemide nawonso amakokolola B1.

Vitamini A ali ndi nkhani yakeyake. Kuyambira mu 1998, lamulo la Zambia limafuna kuti shuga wa pakhomo azithiridwa vitaminiyu. Amene wauzidwa kuti achepetse shuga wa mu tiyi ayenera kupeza vitaminiyu kwina: m'maungu, m'mapapaya, mu mbatata yofiira m'kati, kapena m'chimanga cholanje chimene chinayamba kufalitsidwa m'dzikoli mu 2012.

Zambiri zofunika zimapezeka m'minda ya ku Lundazi momwemo. Mtedza uli ndi B3 wambiri, choncho ndiwo zotendera ndi zothandiza. Nyemba zotchuka za Lundazi, bonongwe ndi kholowa zimapereka vitamini wotchedwa folate. B12 amapezeka m'zakudya zochokera ku nyama zokha: kapenta, mazira, mkaka ndi chiwindi.

Wodwala shuga sayenera kusiya metformin payekha. Dzanzi kapena kufooka zikayamba, afotokoze kuchipatala kuti amupime magazi, ndipo B12 akachepa amapatsidwa mapiritsi kapena jekiseni. Mavitamini ogula okha sachiza BP kapena shuga, ndipo A ndi D akachuluka m'thupi amavulaza.