Utsi umadya phula loteteza masamba a mitengo

Mukathira madzi pa tsamba la mango, madonthowo amangotsetsereka osalowa. Izi zimachitika chifukwa tsambalo ndi lokutidwa ndi phula lopyapyala limene limathandiza mtengo kusunga madzi. Kunsi kwa tsambalo kulinso timabowo ting'onoting'ono topumira.

Mpweya woipa umaononga zonse ziwirizi. Mpweya wa sulphur dioxide, umene umatuluka posungunula miyala ya kopa kapena potentha malasha, ukakumana ndi chinyontho umasanduka asidi. Asidiyo amadya phula lija, ndipo tsamba limachita mawanga n'kuyamba kuuma. Fumbi nalo limatseka timabowo tija.

Anthu a ku Kankoyo, m'tawuni ya Mufulira ku Zambia, amaudziwa bwino utsiwu moti anaupatsa dzina loti "senta". Kwa zaka zambiri, ndiwo zamasamba ndi mitengo yambiri zakhala zikukanika kukula kumeneko.

Mitengo ya paini imavutika kwambiri chifukwa masamba ake, omwe ali ngati singano, amakhala pa nthambi zaka zingapo akumwa utsi. Akayoyoka msanga, mtengo umasowa chakudya n'kufooka, kenako chilala ndi tizilombo zimadzaumaliza.