Chikuta kuno, mwezi wathunthu ku China, masiku 40 ku Mexico: kodi mayi amene wangochira amafunikira chiyani?

Mwana akabadwa, uthenga suchedwa kufika paliponse. Nthungululu zimamveka, mafoni amalira, achibale amabwera ndi zitenje, sopo ndi ufa. Aliyense amafuna kuona kuti khandalo lafanana ndi ndani. M'chisangalalo chonsechi, amene amaiwalika msanga ndi mayi wake, chonsecho thupi lake lili ndi mabala, tulo sakuliona, ndipo ali m'masabata oopsa kwambiri pa uchembere.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati masabata 6 oyamba ndi nthawi imene amayi ndi makanda ambiri amamwalira, makamaka m'masiku oyambirira. Mitundu yambiri ya anthu inazindikira izi kalekale, ndipo uliwonse unapeza njira yake yotetezera mayi.

Anzathu amachita bwanji?

Ku China kuli mwambo wa zuo yuezi, kutanthauza kukhala mwezi. Kwa masiku pafupifupi 30 mayi satuluka panja, sagwira ntchito zapakhomo, amapewa madzi ozizira ndi mphepo, ndipo amadya zotentha monga msuzi wa nkhuku wothira jinja. Amamusamalira ndi mayi ake kapena apongozi ake. Masiku ano mabanja opeza bwino m'mizinda amalemba ganyu mayi wodziwa ntchitoyi kapena kulipira malo apadera.

Ku Mexico ndi mayiko ena a ku Latin America amati cuarentena. Kumeneko ndi masiku 40 opuma, osanyamula zolemera komanso osakhala malo amodzi ndi abambo. Ku South Korea mayi amapatsidwa msuzi wa ndiwo za m'nyanja wotchedwa miyeokguk, ndipo anthu amamwanso msuziwu pa tsiku lokumbukira kubadwa kwawo, polemekeza mayi amene anawabereka.

Kwina chisamalirochi chinalowa m'ndondomeko za dziko. Ku Netherlands, wothandiza wophunzitsidwa amabwera kunyumba tsiku lililonse kwa masiku pafupifupi 8. Amayang'ana mayi ndi khanda, amaphunzitsa kayamwitsidwe ndipo amathandiza tintchito tapakhomo, zonse kudzera mu inshuwalansi ya zaumoyo. Ku Finland, kuyambira mu 1938 boma limapereka bokosi la zovala ndi zofunda za mwana. Poyamba linkapita kwa mabanja osauka okha, koma kuyambira mu 1949 mayi aliyense amalandira, bola akhale atapita kusikelo mimba idakali yaing'ono. Mphatsoyo inakhala nyambo yokokera amayi kuchipatala.

Nanga chikuta chathu?

M'madera ambiri kuno, mayi ndi khanda amakhala m'chikuta mpaka mchombo utagwa, zomwe zimatenga sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Agogo, apongozi kapena alamu ndiwo amatunga madzi, kuphika phala ndi thobwa, kuchapa matewera ndi kusambitsa mwana. Alendo amachepa, zomwe zimatetezanso khanda ku matenda. Mtsikana amene wachembeza koyamba amaphunzira pomwepo kagwiridwe ka mwana, ndipo sakhala yekha usiku khanda likamalira.

Vuto ndi lakuti chikuta chathu chimayendera mchombo wa mwana, osati kuchira kwa mayi. Mchombo ukagwa, ambiri amabwerera kuchitsime, kumunda kapena kumsika, pamene chiberekero chimatenga masabata pafupifupi 6 kuti chibwerere mwakale. Amene anachira ndi opareshoni amafunika chisamaliro chochulukirapo. M'tauni, komwe banja likuchita lendi kutali ndi abale, mayi angakhale wopanda womuthandiza kuyambira tsiku limene watuluka m'chipatala.

Lamulo la ntchito la dziko lino limapatsa mayi tchuthi cha masabata osachepera 8 akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu zilizonse. Mlingo wa bungwe la ILO ndi masabata 14. Ku Sweden makolo amagawana masiku 480 olipidwa, pamene ku United States kulibe lamulo la dziko lonse lopereka tchuthi cholipidwa. Koma mayi wogulitsa tomato kapena wolima sakhudzidwa ndi tchuthi chilichonse. Iye amapuma pokhapokha ngati apabanja amupumitsa.

Zoyenera kusunga ndi zoyenera kusiya

Kupuma, kudya bwino ndi kukhala ndi womuthandiza ndi mbali zimene miyambo yonseyi imagwirizana ndi achipatala. Koma si zonse zachikhalidwe zili zothandiza. Kugona tsiku lonse osadzukako kungachititse magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, choncho mayi aziyenda pang'onopang'ono. Kusamba n'kofunika kuti mabala asalowe matenda. Pa mchombo musapake phulusa, mafuta kapena madzi a masamba. Gwiritsani ntchito zokhazo zimene mwauzidwa kuchipatala. Mkaka woyamba wachikasu uja si woipa, ndiwo chitetezo choyamba cha mwana. Ayambe kuyamwa ola limodzi lisanathe chibadwire, ndipo ayamwe mwakathithi kwa miyezi 6 popanda madzi, phala kapena mankhwala azitsamba.

Chachikulu, mwambo wosatuluka m'nyumba usatsekereze ulendo wa kuchipatala. WHO imalangiza kuti mayi akhale kuchipatala maola osachepera 24 atachira, kenako iye ndi mwana aonedwenso pa tsiku lachitatu, pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, komanso pakatha masabata 6. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015-16 anapeza kuti ana 91 pa 100 aliwonse anabadwira kuchipatala, koma amayi 42 okha pa 100 ndi amene anapimidwa m'masiku awiri oyamba.

Thamangirani kuchipatala mukaona izi

Kwa mayi: kutaya magazi ambiri kapena owonjezereka mwadzidzidzi, kutentha thupi, zotuluka kumaliseche zonunkha, mutu wopweteka kwambiri ndi kusaona bwino, kukomoka, kubanika, kupweteka pachifuwa, kapena mwendo umodzi kutupa ndi kuwawa.

Kwa khanda: kukana kuyamwa, kupuma mothamanga kapena movutikira, kutentha kapena kuzizira thupi, kukomoka, kufooka, chikasu m'tsiku loyamba kapena m'zikhatho ndi kumapazi, ndiponso mchombo wofiira kapena wotuluka mafinya.

Pamene chimwemwe sichikubwera

Pali vuto lina limene silioneka ndi maso. Amayi ambiri amangolira kapena kukwiya popanda chifukwa pakatha masiku awiri kapena atatu atachira. Izi zimabwera ndi kusintha kwa m'thupi komanso kutopa, ndipo zimatha zokha masabata awiri asanakwane. Zikapitirira, mayi n'kumasowa tulo ngakhale mwana wagona, osafuna kudya, kumadziona wolephera kapena osamva chikondi pa mwana wake, akhoza kukhala matenda a kukhumudwa obwera pambuyo pobereka. WHO imati amayi 13 pa 100 amene angochira amakhala ndi vuto la maganizo, ndipo m'mayiko osauka chiwerengerochi chimayandikira 20.

Ambiri amabisa poopa kunenedwa kuti ndi aulesi kapena osayamika mphatso ya mwana. Si ulesi ndipo si ufiti. Ndi matenda, ndipo amachizika ndi uphungu, nthawi zina ndi mankhwala. Uzani namwino, mzamba kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu. Ngati mayi akuganiza zodzipweteka kapena kupweteka mwana, kapena akuona ndi kumva zinthu zomwe palibe, musamusiye yekha ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Abambo ndi achibale angatani?

Musadikire kupemphedwa. Tungani madzi, phikani, sambitsani ana akuluakulu, nyamulani khanda likayamwa kuti mayi agoneko. Sungani ndalama ya mayendedwe ndipo dziwani wa njinga kapena wa galimoto amene mungamuimbire usiku. Perekezani mayi kusikelo ndipo mukambirane ndi achipatala za kulera, chifukwa mimba ina ikhoza kubwera iye asanayambenso kusamba.

Ndipo mukapita kukaona mwana, mukatha kumunyamula ndi kumutamanda, tembenukirani kwa mayi wake mumufunse ngati wadya, ngati wagonako, ndi mmene akumvera m'thupi ndi mumtima. Pitirizani kufunsa mpaka masabata 6 atakwana, osati tsiku logwa mchombo lokha.