Dimba la manyowa: ntchito ya mu Epulo imadyedwa mu Ogasiti



Mwera ukalimba, kuyambira mu Meyi mpaka Ogasiti, mabwato amatha masiku atatu kapena anayi ali pamchenga. Masiku amenewo nyumba imene ili ndi dimba ndi imene imaona ndiwo ndi ndalama ya sopo. N'chifukwa chake tikufuna tikambirane za dimba lolimidwa ndi manyowa okha, poti thumba la feteleza ambiri a ife talisiya kalekale kulifunsa mtengo.

Feteleza ukathira lero, sabata yamawa masamba abiriwira. Manyowa satero, amafuna kuwakonzeratu. Dzenje lake timaliyamba mvula ikamatha, mu Malichi kapena Epulo, udzu udakali wauwisi. Timayala udzu ndi mapesi, pamwamba ndowe za mbuzi kapena ng'ombe ndi zitosi za nkhuku, phulusa pang'ono, kenako udzu wina, n'kuwaza madzi. Ife a kunyanja tili ndi zina zimene anzathu a kumtunda alibe: namasupuni uja amatsekereza madooko amawola bwino kwambiri, ndipo matumbo ndi mamba a nsomba ndi chakudya cha nthaka. Koma zansombazo muzikwirire pakati penipeni, apo ayi agalu afukula zonse usiku umodzi. Mukazika ndodo m'dzenjemo n'kuizula ili yofunda, dziwani kuti zikupsa. Timatembenuza pakapita masabata awiri kapena atatu, ndipo pa miyezi iwiri kapena itatu zimasanduka dothi lakuda losanunkha. Wothamangira kuthira ndowe zaziwisi amawotcha mbande zake yekha. Ifenso tinaziwotchapo.

Pali funso limene limabwera kawirikawiri tikatuluka mu mzikiti: kodi ndowe si najisi? Malinga ndi Imam Shafi'i, amene ambiri kuno timatsatira, ndowe ndi najisi ngakhale za chiweto chimene timadya. Koma kuthira m'munda n'kololedwa, ndipo ndiwo zomera pamenepo ndi halali, timangozitsuka. Chofunika ndi kukhala ndi zovala za kudimba pazokha, ndi kusamba bwino tisanaimirire pa swala.

Nazale timafesa mu Epulo ndi Meyi. Mpiru, repu ndi chainizi sizichedwa, tomato ndi anyezi amafuna kudikira. Vuto la dothi lathu ndi mchenga: madzi amangolowa n'kupita. Manyowa amathandiza kuwagwira, komanso timaphimbira mabedi ndi udzu wouma. Kuthirira kumayenda bwino tikangoswali Subuhi ndi pambuyo pa Asr, osati dzuwa lili paliwombo. Ndipo pamene panali tomato chaka chatha pasabwerenso tomato kapena mabilinganya. Mukazula mtengo n'kuona mizu ili ndi timatuza, m'dothimo muli tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakonda mchenga. Ikanipo anyezi kapena chimanga kaye.

Nsabwe za m'masamba timalimbana nazo ndi nimu. Timasinja masamba ake, kuviika m'madzi usiku wonse, kusefa, kuikamo sopo pang'ono n'kupopera madzulo. Sizifa zonse tsiku limodzi ayi, umabwereza sabata ndi sabata. Ombwe ndi wamphamvu kuposa nimu, koma samalani: ndi womwe uja anthu ena amaphera nsomba. Chidebe chimene munaviikamo ombwe musakachitsukire kunyanja kapena kumtsinje. Tingapulumutse mpiru n'kupha tiana ta chambo.

Mu Ogasiti ndi Sepitembala tomato amapsa kwa aliyense nthawi imodzi, mavenda n'kumatchula okha mtengo. Apa mpamene ambiri amalira. Ife tinaona kuti ndi bwino kufesa nazale pang'onopang'ono, motalikitsa masabata atatu, kusiyana ndi kudzaza dimba lonse tsiku limodzi. Ikafika Okutobala zitsime zimatsika, tiakangaude tofiira timaumitsa masamba a tomato, mbuzi zili zomasula, ndipo amene ali pafupi ndi bango amagona kudimba kuopa mvuu. Mpanda wa minga umaletsa mbuzi. Mvuu siiwona n'komwe.

Choti tisaiwale n'chakuti mu Novembala ndi Disembala nyanja imatsekedwa kwa makoka kuti nsomba ziswane, ndipo ndi nthawi yomweyo dimba limakhala likutha. Choncho amayi ayanike mfutso masamba adakali ambiri, ndipo anyezi wouma bwino asungidwe pamthunzi podutsa mphepo. Mvula ikagwa madimba a m'munsi amamira, monga tinaonera mu 2024 nyanja itakwera mpaka kulowa m'nyumba za anthu. Nthawi imeneyo tomato amadula chifukwa chiwawu chimamupha, ndipo wopanda mankhwala asaike chiyembekezo chonse pa iye. Bonongwe, nkhwani, therere ndi chisoso sizivuta kumtunda.

Za zakaat ena amafunsanso. Kwa Imam Shafi'i masamba ndi tomato zilibe zakaat, imagwa pa zakudya zosungika monga chimanga ndi mpunga zikakwana mlingo wake: gawo limodzi mwa magawo 10 ngati zakula ndi mvula, limodzi mwa 20 ngati mwathirira ndi mphamvu zanu. Imam Abu Hanifa amati zonse zotuluka m'nthaka ziperekedwe. Amene dimba lake lakula mpaka kumatumiza madengu ku tauni abwere tikhale pansi pambuyo pa Ijuma, tiwerengere limodzi, Insha Allah.