Za Makina Othandiza Makanda Kupuma

Abale athu a m'midzi, pali mau amene tawamva kawirikawiri pa khonde la chipatala, ndipo atimvetsa chisoni. Anamwino akafuna kuika timachubu m'mphuno mwa khanda lodwala, agogo ake anong'oneza mai wake kuti mwana akaikidwa pa mpweya ndiye kuti wapita. Ena afika pokana ndithu, nabwerera naye kumudzi. Tifuna tsono kukufotokozerani makinawo ndi ntchito yake, kuti mudziweruzire nokha.

Mwana wobadwa masiku osakwana, ndiye amene sanathe masabata 37 m'mimba, kawirikawiri abadwa mapapo ake asanakhwime. M'mapapo muli timatumba tambirimbiri ta mpweya. Mwa mwana wokwana masiku, timatumbato tadzozedwa m'kati ndi madzi ena oterera otiletsa kumatirirana. Koma wosakwana masiku madziwo ampereŵera. Kumbukirani anyamata pouzira chikhodzodzo cha mbuzi kuti apange mpira: mpweya woyamba ndiwo uvuta, masaya mpaka kuŵaŵa, koma chikayamba kutupa ntchito ipepuka. Khanda lotere libwereza ntchito yovutayo pa kupuma kulikonse, pakuti timatumba take tifota mpweya ukangotuluka. Libuula, nthiti ziloŵa m'kati, ndipo potsiriza litopa. Ana otere sachepa kwathu kuno: lipoti la mu 2012 linati mwa ana 100 obadwa m'Malawi, 18 abadwa masiku osakwana.

Makina othandiza vutoli madokotala awatcha CPAP. A m'maiko olemera anali a mtengo woti zipatala zathu sizikanautha. Tsono ophunzira a ku Rice University, ku Houston m'dziko la America, anagwirizana ndi madokotala a ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene ambiri a ife tikutcha ku Gulupu, napanga ena otsika mtengo. Poyamba anatenga timapampu timene anthu apopera nato mpweya m'madzi a nsomba zoŵeta m'nyumba. Dzina lake anawapatsa la chinenero chathu: Pumani.

Kagwiridwe kake ka ntchito nkosavuta kumva. Pampu ikankha mpweya ngati mvukuto wa wosula, nuusakaniza ndi okosijeni, nuloŵa m'mphuno mwa mwana. Chubu china chimizidwa m'botolo la madzi, ndipo kuya kwa madziwo ndiko kuyesa mphamvu ya mpweya. Motero timatumba tija titsala totupa pang'ono nthawi zonse. Makinawo sapumira mwana ai; apuma yekha, koma mosalimbana.

Mu 2012 anawayesa ku Gulupu pa makanda obanika kwambiri. Mwa amene analandira okosijeni yekha, anachira 44 pa 100 alionse. Mwa amene anaikidwa pa Pumani, anachira 71. Pambuyo pake makinawo anafika ku zipatala za m'maboma.

Nanga mantha aja achokera kuti? Agogo sanama ponena kuti anaona mwana atamwalira timachubu tili m'mphuno. Komatu woikidwa pa makina ndiye wodwalitsitsa m'chipinda monsemo, ndipo ambiri afika mochedwa, atazizidwa panjira, mphamvu zitatha kale. Chimene chamupha ndi nthenda. Makina angopezeka pamalopo.

Sitibisa kuti makinawo ali ndi zofooka zake. Magetsi akazima aima, ndipo afuna namwino woyang'ana kawirikawiri, wopukuta mamina ndi kukonza timachubu tikasuntha. Koma anamwino ngochepa, ndipo usiku mmodzi asamala ana ambiri. Apa mai athandiza koposa. Afinye mkaka wake monga amuuza, kuti mwana amwetsedwe ngakhale sangathe kuyamwa. Apemphenso namwino amuonetse botolo lija. Madzi ake ayenera kuchita thovu kosalekeza, ngati mphika woŵira pamoto. Thovu likaleka, mpweya ukuthaŵira pena, ndipo mai aitane namwino nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.