Musanasinthe kawailesi kanu ka memori

Anthu amandifunsa kuti agule chiyani kawailesi kawo koimba nyimbo za pa memori kakatopa. Ine ndimati musathamangire chisipika chonyezimira cha Bluetooth chimene mwachiona pamsika wa Lizulu. Kumudzi kopanda magetsi nkhani yagona pa batire. Tiwailesi tambiri timayendera batire ya BL-5C, ija ya mafoni akale a Nokia, ndipo sichedwa kutha. Sankhani kokhala ndi batire ya 18650, kamene kamaimba nthawi yaitali mukakatchaja pa sola.

Memori ya 8GB ndi yokwanira, imasunga nyimbo za MP3 pafupifupi 2,000. Zotchipa zolembedwa 64GB zambiri n'zachinyengo, nyimbo zimangosowamo. Pogula kawailesiko, muuzeni wogulitsayo aikemo nyimbo ya Lucius Banda, akweze voliyumu, mumve ngati sipika ikusasa musanatulutse ndalama.