Batire limatoperanji? Timve za bismuth

Anzanga, nyale ya sola imene timawerengera usiku ikatha zaka ziwiri, moto wake suchedwa kutha. Foni nayonso chimodzimodzi. Ndati ndikufotokozereni mbali imodzi ya vutoli, chifukwa nkhani yake ikutikhudza ife a Malawi.

Mabatire amenewa ndi a lithium-ion, ndipo kampani ya Sony ndi imene inayamba kuwagulitsa mu 1991. M'kati mwake muli mbali ziwiri, cathode ndi anode. Tikamatchaja, tizidutswa ta lithium timachoka ku cathode n'kukadikira mu anode. Tikayatsa nyale, timabwerera. Choncho anode ili ngati nkhokwe.

Mabatire ambiri anode yake ndi ya graphite, yomwe ija ili m'kati mwa pensulo. Koma nkhokwe imeneyi ndi yaing'ono: pamafunika maatomu 6 a carbon kuti asunge lithium mmodzi. N'chifukwa chake asayansi akuyesa chitsulo chotchedwa bismuth, nambala 83 pa Periodic Table yathu ija. Atomu imodzi ya bismuth imasunga ma lithium atatu, ndiye pamalo ochepa pamalowa moto wambiri.

Nanga bwanji sichinalowe kale m'mafoni athu? Vuto ndi kufufuma. Bismuth ikamwa lithium imakula kwambiri, ngati nyemba zoviikidwa m'madzi, ndipo ikamutulutsa imafota. Zikachitika kambirimbiri imang'aluka n'kuyoyoka, batire basi lafa. Graphite imafufuma pang'ono chabe, komabe ming'alu yotereyi ndi chimodzi mwa zimene zimatopetsa mabatire athu.

Nzeru imene akuyesa ndi kuiphwanya bismuth kukhala tizidutswa ta ma nanomita. Milimita imodzi ili ndi ma nanomita 1,000,000, tangoganizani! Tizidutswato amatikuta ndi carbon n'kusiya mpata woti tifufumire. Zili ngati mmene amayi a pa msika wa Goliati amayalira udzu m'dengu kuti tomato asaphwanyike pa ulendo. Pakadali pano ntchitoyi ikadali m'malabotale.

Tsono graphite ija ilipo kwathu konkuno. Ku Kasiya, m'boma la Lilongwe, kampani ya Sovereign Metals inapeza graphite wochuluka pamodzi ndi rutile, ndipo mu 2023 kampani ya Rio Tinto inaikamo ndalama. Ku Golomoti, m'boma la Dedza, mabatire a lithium-ion akusunga magetsi a dzuwa kuyambira 2022.

Funso langa ndi ili: kodi tizingokumba miyala, ena n'kupanga mabatire, ife n'kumawagula modula? MUST ili pa Ndata pomwepa, ndipo amaphunzitsa Chemical Engineering. Amene timathawa Chemistry ndi Physics tiganizenso bwino.

Pomaliza, musamasiye foni padzuwa, chifukwa kutentha kumakalambitsa batire msanga. Likatupa lekani kuligwiritsa ntchito, ndipo osaliboola kapena kuliponya pamoto. Limaphulika.

Wolemba: wophunzira wa Fomu 3