Nchito ikalibe kuyamba, nyamulani thumba ili tione

Ngati mumakwela basi ya m'mamawa kucokela ku Kanyama, Chawama kapena Matero, mumawadziwa anthu awa. Ovolosi m'cola, magambutsi ku mapazi, amaselukila pa Lumumba Road n'kuyenda mwamsanga kuloza ku Heavy Industrial Area. Madzulo mumawapezanso pa City Market. Ena amakhala pa mpando copendekela, dzanja limodzi lili ku msana, ndipo basi ikagunda hampu mumangomva "mayo ine!" capansipansi.

Amenewa ni amene amatsitsa simenti, feteleza na milisi m'malole a mu Lusaka. Thumba la simenti ni makilogilamu 50. La feteleza cimodzimodzi. Munthu akatsitsa matumba 200 pa tsiku, ndiye kuti msana wake wasenza matani 10. Mawa abwelelenso.

Msana ukathyoka, wovutika woyamba ni mwini wake na banja lake. Koma nayenso bwana amataya. Wovulala sabwela ku nchito, lole imaima, pafunika kupeza wina na kum'phunzitsa. Palinso ndalama zimene olemba nchito amapeleka ku Workers' Compensation Fund Control Board, bungwe limene likulu lake lili ku Ndola. Ndalama izi amalipila ni bwana, osati kudula pa malipilo anu, ndipo mlingo wake umayendela kuopsa kwa mtundu wa nchito. Ni thumba limeneli limene limathandiza wanchito akavulala kapena akadwala cifukwa ca nchito.

Pofuna kucepetsa ngozi na ndalama zotayika, makampani ambili a kunja, makamaka ku America, amayesa mphamvu za munthu asanayambe nchito yolemetsa. Kuno kwathu ganizo ili si lacilendo kwenikweni. Ofuna usilikali amathamangitsidwa. Ku Copperbelt munthu salowa mu mgodi alibe cikalata cocokela ku Occupational Health and Safety Institute ya ku Kitwe, cija amati silicosis, coonetsa kuti cifuwa cake cili bwino. Ambili a ife tinadutsakonso pa "medical" ija ya kupima BP, maso na cifuwa.

Koma mayeso amene tikamba pano ni osiyana na "medical". Dokota akhoza kulemba kuti mulibe matenda, koma pepalalo silikamba ngati mungakwanitse kukweza katundu pa shelefu kucokela 8 koloko mpaka 17 awazi.

Mayeso abwino amayambila pa nchito yeniyeniyo. Katswili amapita pamalo, amaika katundu pa sikelo, amapima kutalika kwa shelefu, mtunda umene munthu amayenda atanyamula, na kuti amanyamula kangati pa ola. Akamaliza m'pamene amakonza mayeso ofanana na zimene waona. Wofuna nchito amayamba wapimidwa BP na kugunda kwa mtima. Ndiyeno amanyamula bokosi kucoka pansi kufika m'ciuno, kucoka m'ciuno kufika pa phewa, kuyenda nalo, kukankha na kudonsa, mwina kukwela makwelelo. Amayamba na bokosi lopepuka, n'kumaonjezela pang'onopang'ono. Mtima ukathamanga maningi kapena thupi likayamba kupindika moipa, woyesa amaimitsa.

Ubwino wake ni woonekelatu. Tonse tidziwa mmene njala ya nchito imacitila. Bwana akafunsa kuti "uzakwanitsa?", palibe amene amayankha kuti iyai, olo msana unayamba kale kuwawa. Lendi iyembekeza, ana afuna unga. Mayeso acilungamo amateteza munthu wotele kuti asalowe m'nchito imene izam'gonetsa pa mphasa mwezi ukalibe kusila. Amathetsanso kusankha na maso cabe. Kapitao akhoza kusiya mnyamata woonda kapena mzimayi pa geti n'kutenga wa cifuwa cacikulu, pamene amene wasiyidwayo ndiye anazolowela kusenza. Bokosi silidziwa mtundu wa munthu, cibale kapena "ka drinki" ka kapitao.

Manje vuto lili apa. Mayeso akakonzedwa molakwika amasanduka geti yotsekela anthu amene akanaigwila bwinobwino nchitoyo. Citsanzo codziwika cinacitika ku America, pa fakitale ya masoseji ya kampani ya Dial Corporation m'tauni ya Fort Madison, ku Iowa. Mu 2000 kampaniyi inayambitsa mayeso onyamula citsulo ca makilogilamu pafupifupi 16 mobwelezabweleza. Mayeso asanabwele, pa anthu 100 alionse olembedwa nchito, 46 anali azimayi. Atabwela, anatsika kufika pa 15. Kampani inati mayesowo acepetsa kuvulala. Koma m'khoti zinaoneka kuti mayeso anali olemetsa kupambana nchito yeniyeni, komanso kuti kuvulala kunayamba kutsika mayeso akalibe kuyamba, pamene kampani inali itasintha kale kagwilidwe ka nchito. Mu 2006 khoti ya apilo inagamula kuti kunali kusankhana, ndipo azimayi amene anakanidwa anapatsidwa ndalama zoposa madola 3 miliyoni.

Nkhaniyi iphunzitsa zinthu ziwili. Coyamba, mayeso ayenela kulingana na nchito. Ngati m'sitolo mumanyamula matumba a unga a makilogilamu 25, palibe cifukwa coyesela munthu na thumba la simenti. Ndipo onse ofuna nchito imodzi ayesedwe mofanana. Kuno ku Zambia, lamulo la Employment Code Act la 2019 limaletsa kusankha anthu pa nchito cifukwa cakuti ni amuna kapena akazi, ali na pakati kapena ni olemala. Mayeso a mphamvu sayenela kukhala njila yozembela lamulo limeneli.

Caciwili ndiye cacikulu: mayeso sapepukitsa thumba. Bungwe la boma la America loona za umoyo wa anchito, NIOSH, linaika makilogilamu 23 kukhala malile a katundu amene munthu anganyamule na manja awili popanda ciopsezo cacikulu, ndipo apo m'pamene zonse zili bwino: katundu ali pafupi na thupi, munthu sakupotoka, sakunyamula kawilikawili. Thumba lathu la simenti lapitilila mlingo umenewo kawili. Ku Britain simenti ya m'matumba imagulitsidwa pa makilogilamu 25. So olo mwapasa mayeso na mamakisi onse, zaka zisanu za matumba a 50 zizakupezani. Bwana amene afunadi kucepetsa ngozi ayenela kugula matolole na forklift, kulola anthu awili kunyamula thumba limodzi, kusinthanitsa anchito pa malo olemetsa, kukonza pansi poterera na kupatsa anthu nthawi yopuma. Lamulo la Occupational Health and Safety Act la 2010 linaika udindo wa citetezo ca pa nchito pa mapewa a wolemba nchito. Pepala la mayeso silicotsa udindo umenewo.

Nanga imwe amene mawa mukaima pa geti, mucite bwanji akakuuzani kuti pali mayeso? Funsani kuti nchitoyo ifuna kunyamula zolemela bwanji ndipo kangati. Ngati muli na BP, munacitidwapo opaleshoni kapena msana umakuvutani, muuzeni woyesa mukalibe kugwila bokosi. Pindani maondo, bokosi likhale pafupi na mimba, ndipo potembenuka sunthani mapazi, osapotoza ciuno. Mukamva kuwawa, ikani pansi. Kucita manyazi pamaso pa anzanu n'kwa tsiku limodzi, msana ni wa moyo wonse.

Ndipo mukalembedwa, funsani ngati kampani inalembetsa ku Workers' Compensation. Kupasa mayeso sikutanthauza kuti mukavulala ni mlandu wanu. Uzani kapitao tsiku lomwelo, pitani ku cipatala, sungani mapepala onse, ndipo onetsetsani kuti bwana wapeleka lipoti la ngoziyo.

Pali gulu lina limene nkhani yonseyi siimafika: anyamata a zamcab pa Soweto, amene amakankha wilibala yodzala matumba a mbatata na makala. Alibe bwana, alibe mayeso, alibe amene amawalipilila ku Ndola. Msana ukakana, nchito yasila. Mukam'tuma mmodzi wa iwo kuti akupelekezeni ku siteshoni, ndipo wakuuzani kuti katundu waculuka ayende maulendo awili, musakangane naye pa ka ndalama koonjezela.